Kamdothi sadalembedwe m'kaundula

Ntchito yanga ndi ya mapepala. Kwa zaka zoposa khumi ndakhala pa ofesi ina ya boma m'boma lina, kulandira mafomu ochokera m'midzi, kuwonkhetsa manambala ndi kuwatumiza ku likulu. Ena mwa mafomuwa amachokera m'sukulu za mkombaphala, zomwe masiku ano tikuzitcha za m'mera mpoyamba. Okonda zolembalemba atha kufunsa kuti fomu ikudzatani m'buku lotere, momwe anzanga akusanthula ndakatulo ndi nthano. Yankho langa n'loti nayonso fomu idachita kulembedwa. Pali munthu yemwe adakhala pansi, nasankha mawu ena, ena n'kuwasiya. Komanso fomu imawerengedwa ndi anthu osunga thumba la ndalama, mwayi womwe nkhani zathu zopeka sizikhala nawo. Choncho ndiloleni ndiisanthule monga momwe tisanthulira cholemba china chilichonse.

Fomu yomwe ndikunenayi ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba chimafunsa za ana: anyamata angati, atsikana angati, amasiye angati, ndipo kumunsi kwenikweni, aulumali angati. Chachiwiri chimafunsa za katundu: mphasa, miphika, zidole, chimbudzi, madzi. Pa mzere wa ana aulumali paja, mafomu ambiri omwe adutsa m'manja mwangamu amabwera ndi 0 kapena kamzere chabe. Kwa nthawi yaitali ine ndinkangolowetsa 0 ameneyu mu kompyuta osaganizapo kanthu, nthawi zina n'kumakondwa kuti wandichepetsera ntchito yowonkhetsa.

Koma taonani. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino adakwana 134,636. N'zoona kuti ambiri mwa anthu osaona bwino ndi osamva bwino ndi okalamba, kotero sitingayembekeze kuti pakati pa ana chiwerengero chifanane ndi chimenecho. Komabe sichingakhale 0 mudzi ndi mudzi, chaka ndi chaka. Pajatu akuluakulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza, ndipo kwa ana athu chimadza msanga: malungo a m'bongo, matenda oumitsa khosi, mafinya a m'khutu osalandira mankhwala, kuchedwa kulira pobadwa. Chinanso chondidabwitsa n'choti chiwerengero cha kalembera chija chikuyambira pa zaka 5. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, yemwe ndiye mwini sukulu ya mkombaphala, mulibemo. Ndiye kuti buku lalikulu la dziko lidamudumpha, nayo fomu yathu yaing'ono ikumulemba kuti palibe.

Tsiku lina ndidatsagana ndi anzanga oyendera sukuluzi. Tidafika pa ina yomwe idali ndi mbiri yabwino chifukwa fomu yake inkabwera ndi 2 pa mzere uja. Idali nyumba ya njerwa zootcha yomwe anthu a m'mudzi adamanga okha, alezi awiri, ana odzaza mphasa zonse, ndi mphika wa phala uli pamoto kuseri. Ana awiri aja sadavute kuwaona. Wina adali kamtsikana kachialubino, winayo mnyamata wokoka mwendo. Koma kumbuyo, motsamira khoma, kudali mnyamata wina yemwe sankaimba nawo. Ankangoyang'ana milomo ya anzake ndipo ankaimirira pokhapokha ataona ena aimirira. Nditafunsa za iye, mlezi wamkulu adaseka pang'ono.

“Ameneyo bwana musavutike naye, ngwosamva. Ungamuitane katatu, iye zake ziii.”

“Mayi, mukati ngwosamva, mukutanthauza kusamva kwake kuti?” ndidafunsa.

Mayi aja adandiyang'ana kanthawi, kenaka adacheukira mwana uja, osayankha.

Apa ndi pomwe ife okonda Chichewa tiyenera kuima pang'ono. Chiyankhulo chathu chili ndi liwu limodzi la mwana wamwano ndi mwana wogontha m'khutu. Onse ndi osamva. Mwana yemwe makutu ake ali ndi vuto amalandira dzina lolondola pa chifukwa cholakwika, ndipo m'malo mopita naye kuchipatala timamuthyolera kamtengo. Si liwu lokhali. Mwana wochedwa kugwira zinthu m'mutu timati ndi wozerezeka kapena wopepera, wa khunyu timati adamulodza, woona mwachimbuuzi timati ndi waulesi chifukwa satola chomwe tamutuma. Wolemba fomu adaika liwu limodzi lokha, aulumali, naganiza kuti wamaliza. Koma kwa mlezi wa kumudzi, wolumala ndi amene chilema chake chikuonekera patali: wokwawa, woyendera ndodo, wakhungu. Fomu sidamufunse ngati pali mwana yemwe sacheuka akaitanidwa chakumbuyo, kapena yemwe wafika zaka zinayi asanayambe kulumikiza mawu. Ikadafunsa choncho, m'Chichewa chomveka, mayi aja akadayankha bwino kuposa dokotala, chifukwa ana awo amawadziwa mmodzimmodzi. Cholakwa choyamba cha cholembachi n'chakuti chidaganiziridwa m'Chingerezi, n'kungovekedwa malaya a Chichewa.

Cholakwa chachiwiri n'chachikulu. Fomu imawerenga ana amene abwera, ndipo ilibe malo a amene sadabwere. Tikumwa madzi pansi pa mtengo, mlezi wachiwiri adatiuza kuti m'mudzi momwemo muli ana ena omwe sapondako pasukulupo. Adatiperekeza kwa gogo wina yemwe amalera mdzukulu wa zaka zinayi wosakhoza kukhala tsonga payekha. Tidampeza mwanayo atagonekedwa pa chitenje pakhonde, ali waukhondo, maso ali gwa pa nkhuku zomwe zinkadutsa. Mnzanga wina adayamba ulaliki womwe timauphunzira m'misonkhano ya m'mahotela, woti makolo asamabise ana aulumali. Gogoyo adamumvetsera mpaka kumaliza.

“Mwanawe, ine sindinabise munthu. Suyu ali pakhondeyu? Koma ndikamubereka mpaka kusukuluko, akafuna kuchimbudzi adzamunyamula ndani? Amayi awiri aja, ana onse aja?”

Pobwerera ndidakumbukira Kamdothi, nthano yomwe tonse tidaimvera pamoto. Mayi wosowa mwana adaumba mwana wadothi, ndipo mitambo ikangoda ankamuitana kuti athawire m'nyumba mvula isanamusungunule. Tili ana tinkamvera chisoni Kamdothi chifukwa cholephera kusewera kutali monga anzake. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona kuti nthanoyi siidzudzula mayiyo ngakhale pang'ono. Mvula idali yeniyeni, ndipo tsiku lomwe mwanayo adapita patali idamupezadi. Makolo ambiri omwe timawanena kuti amabisa ana angowerenga mitambo molondola. Akudziwa kutalika kwa njira, akudziwa chimbudzi chilipocho, akudziwa kuti ana anzake akamuseka. Kholo la mwana wachialubino likudziwanso zomwe zidachitika m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014, pomwe anthu achialubino, ana omwe, ankabedwa ndi kuphedwa. Kuuza kholo lotere kuti lingotulutsa mwana, ife osakonza kalikonse komwe akupitako, ndi kuitanira Kamdothi pabwalo mitambo itada bii.

Tibwere ku chigawo cha katundu, chomwe chimandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Funso limati: chimbudzi chilipo? Yankho: chilipo. Ndidakachiona. Chidali chokumba, khomo lopapatiza, pansi ponyowa. Mwana woyenda ndi miyendo angathe kulowamo n'kutuluka bwinobwino, koma wokwawa ayenera kuika manja ake pomwe anzake aponda ndi kuphonyetsa, manja omwewo akadyere phala. Pa fomu chimbudzi chimenechi ndi chofanana ndi china chilichonse. Funso lina limati: zipangizo zothandizira ana aulumali zilipo? Pasukulu ija adalemba 1. Idali njinga ya olumala yomwe ena akufuna kwabwino adasiya, ya munthu wamkulu, yoti mwana wa zaka zinayi akakhalamo amamira ngati ali m'dengu. Inkagwira ntchito yotutira nkhuni za phala, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa idapezako chochita. Chipewa cha khonde ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, zomwe kamtsikana kachialubino kaja kankafunikira tsiku lililonse, fomu sidazitchule n'komwe.

Koma chuma chenicheni cha sukulu ya ana aang'ono ndi munthu, ndipo apa fomu imangofunsa kuti alezi alipo angati, ophunzitsidwa angati. Sukulu zambiri za m'mera mpoyamba m'midzi yathu si za boma monga momwe zilili za pulaimale, zomwe zidakhala zaulere mu 1994. Ndi za anthu a m'mudzi, boma limangoziyang'anira kudzera mu unduna woona za jenda ndi ana. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, amasiya khasu m'mawa kudzalera ana a eni. Amene adachita mwayi wa maphunziro adaphunzira kwa masabata owerengeka, ndipo m'masabata amenewo za ulumali zimangokhudzidwa modutsa. Kumbali inayi, dziko lino lili ndi akatswiri. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira kwa zaka zambiri. Koma aphunzitsi amenewa ali pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo ntchito yawo yambiri imayambira ku pulaimale. Mwana wa zaka zitatu ali mu unduna wina, katswiri womuthandiza ali mu unduna wina, mlangizi wa zaumoyo yemwe amamukweza sikelo mwezi ndi mwezi ali mu unduna wachitatu. Aliyense ali ndi fomu yake. Ine amene ndimakhala pakati pa mafomuwa ndikhoza kuchitira umboni kuti sapatsana moni.

Wina anena kuti sukulu zapadera zilipo. Zilipodi, ndipo zagwira ntchito yotamandika. Maphunziro a ana osaona adayamba ndi amishoni m'zaka za m'ma 1950 ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Ana osamva ali ndi sukulu monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Koma sukuluzi n'zowerengeka, zili kutali ndi midzi yambiri, ndipo mwana amayenera kukagonera konko. Ndani angapereke mwana wa zaka zitatu kuti akagonere kutali ndi amake? Choncho mwana wosamva amadikira, ndipo zaka zomwe akudikirazo ndi zomwe ubongo wa munthu umagwira chiyankhulo mosavuta. Amakafika kusukulu yapadera alibe Chichewa, alibenso chinenero chamanja, ali ndi tizizindikiro tochepa tomwe adapangana ndi amake, ta madzi, nsima ndi kugona. Ife alembi timadandaula kuti anthu sawerenga mabuku athu. Ndimaganiza za mnyamata wotsamira khoma uja, yemwe pa msinkhu womwe ine ndinkamvera nthano kwa agogo anga, iye adali asanamvepo nthano ngakhale imodzi m'chinenero chilichonse. Bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa mtanthauziramawu wa chinenero chamanja cha ku Malawi mu 2021. M'sukulu zonse za mkombaphala zomwe ndayendamo sindidalipezepo bukuli, ndipo fomu yathu siifunsa za ilo.

Malamulo okha ndiye tili nawo. Padali lamulo la 1971, kudabwera la 2012, ndipo mu 2024 kudabweranso lina latsopano loona za anthu aulumali. Mu 2009 dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Ndondomeko ya m'mera mpoyamba idalembedwa mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017. Kuchokera pa msonkhano wa ku Salamanca mu 1994, mfundo yomwe maiko akutsata ndi yoti ana onse aziphunzira pamodzi, ndipo ine ndikugwirizana nayo, makamaka kwa ana aang'ono omwe malo awo ndi pafupi ndi kwawo. Chomwe ndikukana ndi kugwiritsa ntchito mfundo yabwinoyi ngati njira yopulumutsira ndalama. Kuika mwana wosamva pamphasa imodzi ndi anzake, popanda wina wodziwa kulankhula naye, n'kumati waphunzira pamodzi ndi anzake, ndi bodza lomwe limaoneka bwino mu lipoti basi. Ndipo bodzali limadzidyetsa lokha: fomu ikati 0, opanga bajeti saikapo kanthu; pakapanda kanthu, makolo sabweretsa ana; ana akapanda kubwera, fomu ya chaka chamawa imatinso 0, ulendo uno monena zoona.

Sindikudzichotsa pa mlanduwu. Manambala amenewa adutsa pa zala zanga kwa zaka zonsezi, ndipo palibe tsiku lomwe ndidabweza fomu kuti 0 uyu ndamukayikira. Ndinkabweza mafomu osasainidwa ndi opanda chidindo cha amfumu.

Patapita miyezi itatu chichitikireni ulendo uja, fomu ya sukulu ija idafikanso pa tebulo langa. Pa mzere wa ana aulumali adafufuta 2 n'kulemba 3. M'mphepete mwa pepala, ndi bolopeni yofiira, mlezi wamkulu uja adawonjezera mawu akeake: kuti mnyamata uja adapita naye kuchipatala pamodzi ndi amake ndipo adampeza ndi vuto la makutu onse awiri, komanso kuti m'mudzimo muli ana ena anayi omwe sabwera, ndipo adafotokoza chifukwa cha aliyense. Tebulo la mu kompyuta lili ndi kabokosi kamodzi kokha pa mzere umenewo, kolandira nambala basi. Ndidalembamo 3. Pepalalo sindidaliike m'faelo pamodzi ndi anzake. Lili m'dirowa yanga ya kumanzere, pansi pa chidindo.