Mfiti ndi Dolo: Mawu Amene Amalaŵi a ku Fordsburg Amatchulira Atengambali a pa Wailesi Yakanema

Malamulo a Chicheŵa sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mloŵam'malo "iye" amaimira onse aŵiri, monga momwe "yena" amachitira m'Chizulu ndi m'Chisutu, ndipo mwamuna ndi mkazi yemwe ali m'gulu limodzi la maina, la Mu-, A-. Ophunzira ena a zinenero amakonda kunyadira zimenezi pozifanizira ndi Chingerezi, ngati kuti chinenero chopanda mloŵam'malo wachimuna ndi wachikazi sichingakondere. Nkhani ino ifuna kuonetsa kuti tsankho limene malamulo a chinenero adalikaniza khomo limaloŵera pa mawu otamanda, mawu onyoza ndi timphatikiram'mbuyo taulemu. Chitsanzo chathu ndi zimene Amalaŵi okhala ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg, amanena poonera maseŵero a pa wailesi yakanema amene mtengambali wake wamkulu ndi mkazi, poyerekeza ndi amene mtengambali wake wamkulu ndi mwamuna.

Fordsburg ndi dera lamalonda kuzambwe kwa pakati pa mzindawo. Msika wake wotchuka wa Oriental Plaza adaumanga m'zaka za m'ma 1970 kuti asungiremo amalonda achimwenye amene boma latsankho lidaŵasamutsa ku Pageview potsata lamulo la Group Areas Act. Lero m'masitolo, m'malo odyera a mu Mint Road ndi m'nyumba za ku Mayfair mumagwira ntchito Amalaŵi ambiri, ena a iwo Asilamu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga, amene amalankhula Chiyao pakati pawo koma Chicheŵa akakumana ndi anzawo a m'maboma ena. Ulendo wa ku Joni udayamba kale ngati ulendo wa amuna, m'masiku a Wenela ndi Theba, ndipo ngakhale akazi tsopano akupitako ochuluka, chipinda cha lendi chimene anthu angapo amasonkherana nthaŵi zambiri chimakhala cha amuna. Kanema amakhala mmodzi, rimoti imodzi. Tisaiŵalenso kuti oonera ameneŵa adakulira m'dziko limene lidakhala lopanda kanema wakewake kufikira 1999, pamene South Africa adayamba mu 1976. Khutu lawo lidaphunzira seŵero pa wailesi ya MBC ndi kwa Izeki ndi Jakobo, kumene nthabwala ndi nzeru zomwe zinkatuluka m'kamwa mwa amuna.

Tiyambe ndi The Queen, seŵero limene lidaonetsedwa pa Mzansi Magic kuyambira 2016 mpaka kumayambiriro kwa 2023. Mtengambali wamkulu ndi Harriet Khoza, amene adaseŵeredwa ndi Connie Ferguson: mkazi wamasiye woyendetsa malonda a mankhwala ozunguza bongo mobisalira kuseri kwa kampani ya magalimoto onyamula katundu. Pambali pake pali mlamu wake, Brutus Khoza, woseŵeredwa ndi Themba Ndaba. Aŵiriŵa amadya mbale imodzi. Malonda ndi amodzi, magazi amene akhetsedwa ndi a banja limodzi. Komatu aliyense amene adakhalapo pakati pa oonera olankhula Chicheŵa angavomereze kuti maina amene aŵiriŵa amalandira ndi osiyana kutalitali. Brutus ndi dolo, ndi katakwe, ndi mdala wovuta. Ndipo mawu akuti "wovuta" pamenepa amanenedwa ndi chimwemwe. Harriet ndi mfiti, ndi njoka, ndi woipa mtima. Mawu a Brutus amayeza luso la munthu pa ntchito yake, ngakhale ntchitoyo ikhale yoipa. Mawu a Harriet sakhudza luso n'komwe, amayeza mtima, ndiponso amamtulutsa m'gulu la anthu. Mfiti sitiyamikira kuti yatamba mwaukatswiri.

Wina anganene kuti Brutus adalembedwa kuti azisekesa anthu, ndipo woseketsa timamkhululukira msanga. Zimenezo n'zoona, koma sizifotokoza zonse. David Genaro wa mu Rhythm City, amene malemu Jamie Bartlett adamseŵera pa e.tv, sadali munthu wanthabwala; adali wakupha ndi wonyenga. Nkunzi Mhlongo wa mu Uzalo ndi mkulu wa mbava za magalimoto ku KwaMashu. Onseŵa amatchedwabe madolo.

Chimene chiyenera kukopa ife ophunzira zinenero ndi kachigawo kakang'ono kamene kamatsogolera dzina. Mcheŵa satchula wamkulu popanda "a" waulemu, ndipo chizoloŵezi chimenechi amachitengera ngakhale kwa anthu a m'seŵero. Motero timamva "a Brutus akwiya", "a Nkunzi aŵatulukira", mneni ali m'chochuluka chaulemu. Harriet, mayi wa ana akuluakulu ndiponso mwini chuma chonse, amangokhala "Harriet uja", "mkazi ameneyu", mneni ali m'chimodzi ngati wa mwana. Mkwiyo ukakula amamsamutsira m'gulu la Chi-, Zi-: "chimkazi ichi", "chimayi choipa". Onani kuti mphatikiram'mbuyo yemweyo wa "chi-" akamatidwa kwa mwamuna amatha kukhala chitamando, pakuti "chimwamuna" kaŵirikaŵiri ndi munthu wamphamvu wochititsa kaso. Ndipo tsiku limene Harriet wagonjetsa adani ake mwakuti palibe angakane, chitamando chimene chimatuluka n'chakuti "koma mayi uyu ndi mwamuna". Chinenero chimachita kukabwereka dzina la mwamuna kuti chimtamande, ngati kuti m'nkhokwe yake mulibe lina.

The River, seŵero la pa 1Magic la 2018 mpaka 2024, ndilo lovuta pa mfundo yathu, ndipo sitiyenera kulilambalala. Lindiwe Dikana, mwini mgodi wa miyala ya dayamondi, amene Sindi Dlathu adamseŵera mwaluso losasimbika, adataya mwana wake Tumi ali khanda, ndipo pambuyo pake ndiye adachititsa imfa ya mwana yemweyo. Woonera amene atchula munthu wotere kuti mfiti sadalakwitse Chicheŵa, poti m'chikhulupiriro chathu mfiti ndi uja amadya wa m'nyumba mwake. Apa mlandu uchoka kwa oonera nupita kwa alembi. Iwo ndiwo adasankha kuti kuipa kwa mkazi wamphamvu kuonekere pa mwana wobala yekha, pamene kuipa kwa mwamuna wamphamvu kumaonekera pa adani a kunja, pa mpikisano wa matekisi monga mu Isibaya, kapena pa apolisi. Mpiyakhe Zungu wa mu Isibaya adali ndi mitala, ndipo m'nyumba mwake simudali mtendere, koma seŵerolo lidamuimika ngati mtsogoleri wa anthu ake. Tsono mlembi wa ku Johannesburg ndi woonera wa ku Mangochi, ngakhale sadaonanepo, adagwirizana pa chinthu chimodzi: mwamuna aweruzidwe pabwalo, mkazi aweruzidwe kuchipinda. Mwambi wathu udanena kale kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, mkazi ndi chitenje chimathera pakhomo.

Chodabwitsa n'chakuti Acheŵa ndi Ayao onse amaŵerenga mtundu potsata mayi. Mbiri ya Amaravi ili ndi Nyangu, mayi wa mafumu a Kalonga, ndi Makeŵana wa ku kachisi wa ku Msinja, amene ankapempherera mvula dziko lonse. Mkazi waulamuliro si mlendo kwathu. Koma ulamuliro umenewo udali wa mbumba ndi wa mizimu, pamene wa Harriet ndi Lindiwe ndi wa ndalama, mfuti ndi antchito aamuna amene amaŵalamula pamaso pa anthu. Ulamuliro wotere ndi umene udabutsa mawu aja akuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo m'masiku amene Mayi Joyce Banda adali mtsogoleri wa dziko, kuyambira 2012 mpaka 2014. Ndiganizanso kuti mwamuna amene tsiku lonse wakhala akutumidwa m'sitolo ya eni, kutali ndi mkazi wake amene akuyendetsa yekha pakhomo ndi ndalama zotumizidwa, saonera Harriet ndi mtima wozizira.

Khalidweli si la Amalaŵi okha. Ku America, Anna Gunn adalemba mu nyuzipepala ya The New York Times mu 2013 za chidani chimene oonera Breaking Bad adali nacho pa Skyler White, mkazi amene iye adamseŵera, pamene mwamuna wake Walter, wophika mankhwala ndi wakupha, ankakondedwa.

Ku Fordsburg kuli mbali ina imene madera ena alibe. Kumeneko maseŵero a ku India a pa Zee World, tchanelo chimene chidayamba mu 2015, ndi odziŵika, makamaka kwa akazi ogwira ntchito zam'nyumba, amene amaŵaonera limodzi ndi mabwana awo. Amuna amaŵatcha "za azimayi", ndipo mawu ameneŵa amatseka nkhani seŵero lisanayambe. Seŵero la ku Turkey la Diriliş: Ertuğrul, la 2014 mpaka 2019, limene Asilamu a m'maiko ambiri adalikonda, silitchedwa "za azibambo". Limatchedwa mbiri. Chonsecho nalonso ladzaza ndi nsanje, maukwati ndi mikangano ya apongozi, monga a ku India aja, kungoti pakati pake pali akavalo ndi malupanga.

Komabe tisafulumire kunena kuti oonera aamuna adakana maseŵero otsogozedwa ndi akazi. The Queen lidatha zigawo zisanu ndi ziŵiri, The River zisanu ndi chimodzi, ndipo lachiŵirili lidasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya International Emmy mu 2019. Munthu amene akutukwana Lindiwe amadziŵa dzina la mwamuna wake, la ana ake ndi la mgodi wake, ndipo amakumbukira zimene adachita zigawo ziŵiri zapitazo. Amene akuti Zee World ndi ya azimayi amatha kukufotokozerani bwinobwino amene adathira mankhwala m'mkaka wa mkwatibwi. Wofufuza amene adzangofunsa amuna ameneŵa kuti amakonda seŵero liti adzalemba Uzalo, mpira ndi Ertuğrul. Amene adzakhala nawo m'chipinda madzulo, namvetsera mneni ndi mphatikiram'mbuyo, adzapeza kuti rimoti idali m'manja mwa mwamuna nthaŵi yonse imene "chimkazi chija" chidali pa kanema, ndipo sadasinthe tchanelo.