Lamya pa Nsalu, Lamya pa Chifuwa

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, msika wa pa Chamama umasanduka munda wa maluwa. Alimi akalandira ndalama za fodya amene adagulitsa ku Chinkhoma, atelala sawona tulo, ndipo ogulitsa nsalu amayanika zitenje paliponse. Pakati pa zitenjezo ndidaona chimodzi chimene ndifuna kuti tichiyang'ane pamodzi, inu owerenga: nsalu yobiriwira, yojambulidwa malamya a m'manja okhaokha, atandandalikidwa ngati mizere ya m'munda.

Nsalu kwathu kuno imalankhula. Achikulire akumbuka zitenje za nkhope ya Dr. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, zimene amayi ankavina nazo. Amayi Achikatolika ali ndi nsalu yawo, ndipo mukawaona pa maliro simufunsa kuti ndi ayani. Chimene timajambula pa nsalu ndicho chimene timachilemekeza. Tsono lero lamya yakhala pamalo pamene pankakhala atsogoleri ndi oyera.

Kodi yalakwa kukhalapo? Tisafulumire kuweruza. TNM idayamba ntchito mu 1995, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, idafika mu 1999. Kuchokera pamene Airtel Money idabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mwana wa ku Joni amatumiza ndalama ya feteleza, amake n'kuilandira tsiku lomwelo. Ku Wimbe, pafupi pomwepa, William Kamkwamba adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, ndipo anansi ankadza kudzatchajitsa malamya awo. Chipangizo chimene chaitana nzamba usiku ndi kulengeza maliro kwa abale akutali chiyenera ulemu wake.

Komabe nsalu ija ili ndi chilema. Mitundu yake ndi yowala, mizere ndi yolongosoka, koma pa malamya onsewo palibe dzanja lowagwira, palibe khutu lomvera, palibe nkhope. Magalasi ake onse ndi akuda bii. Lamya ndi mlatho, ndipo mlatho umakhala ndi ntchito chifukwa kutsidya kuli munthu. Wojambulayo adaona katundu wamtengo wapatali, munthu wa kutsidya sadamuone. Nsalu yake ikungonena kuti, "Ndili nayo." Sikunena amene tikulankhula naye.

Chilemachi ndidachimvetsa tsiku lina titatha mapemphero a mphakati. Mayi wina adabereka mwana ndi chitenje chomwecho. Mwanayo ankasuzumira paphewa, kufuna maso a amake, koma maso a amake adali pa galasi. Bambo wake, chapatali pang'ono, naye adali atawerama pa lamya yake. Mwana adakulungidwa m'malamya makumimakumi, koma womulankhula padalibe. Wojambula uja, mosadziwa, adajambula ife tomwe.

Telala wa pakhonde ndiye akuganiza mozama kuposa wojambula, pakuti iye amayeza thupi la munthu. Kale mayi ankamanga ndalama pa mfundo ya chitenje. Lamya sikwana pa mfundo, ndipo madiresi ambiri alibe matumba. Ndiye funso lagwera telala: kodi chinthu chimenechi chikhale pati?

Mayankho ndaona awiri. Ena amasoka kachikwama ka chingwe kokoloweka m'khosi, kotero kuti lamya imagona pachifuwa. Nzeru yake ilipo: manja amamasuka, wakuba amavutika. Koma pamenepo mpamene agogo athu ankavala mendulo ya Amayi Maria ndi korona. Chokhala pachifuwa chikalira, munthu amadumpha, ngakhale ali pakati pa Misa, ngakhale apongozi ali pakati pa mawu. Ena amang'amba msoko wa m'mbali nasokamo thumba lakuya la zipi, losaoneka kunja. Thumba limeneli ndilo ndikuliyamikira. Limaika lamya m'chiuno, pamene mlimi amaika mpeni wake: pafupi ikafunika, yobisika ikapanda kufunika. Kuti uyitulutse uyenera kuyamba watsekula zipi, ndipo pa kamphindi kameneko umatha kudzifunsa ngati amene akuimba ndi wofunika kuposa amene wakhala nawe pamphasa.

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo timametera, koma sitigona nako pamtima. Ojambula nsalu athu akafuna kulemekeza lamya, atijambulire agogo ataigwira kukhutu akuseka ndi mdzukulu wa kutali, ndipo nsalu yotero tidzaivala mosachita manyazi. Ife makolo, popita kwa telala chaka chino, tiganize kawiri za malo a thumba. Madzulo ano, nsima ikafika pamphasa, tiyese kutseka zipi, tiyang'ane ana athu m'maso, tiyambe ndi chizindikiro cha mtanda.