Lamulo Lili M'chikwama, Iye Wakhala Pamphasa

Ku Nancholi, mukapatuka pamsewu wa ku Chikwawa n'kulowa m'tinjira tapakati pa nyumba, kuli mayi wina amene ndakhala ndikumupenyetsetsa kwa zaka zingapo. Dzina lake ndilisunga, pakuti makomo amene amalowamo ali ndi eni ake. Si loya, si namwino. Ndi mmodzi wa anthu odzipereka oyendera odwala ndi okalamba m'makomo, ntchito imene inazika mizu mu Blantyre m'zaka zimene Edzi inadzaza mawodi a ku chipatala cha Queens, ndipo lero ikupitirizidwa ndi mipingo komanso mabungwe a m'dera monga Nancholi Youth Organisation, imene anthu kuno amangoti NAYO. M'chikwama chake mumakhala sopo, mafuta odzola, magolovesi akapezeka, bolopeni, ndi kope lokutidwa ndi nyuzipepala.

Luso lake limayambira pakhomo. Amaodira ali chapatali, n'kudikira kuti amuyankhe. Akamupatsa mpando amathokoza, koma amakhala pansi, m'mbali mwa mphasa ya agogo, kuti asamawayang'ane chotsika nawo. Moni woyamba ndi wa agogo, monga mwa mwambo. Koma funso loyamba lenileni limapita kwa amene akuwasamalira, kaya ndi mwana wawo wamkazi kaya mdzukulu: "Nanga inuyo achemwali, munagonako usiku wathawu?" Munthu amene wakhala akuchapa zofunda zonyowa miyezi isanu ndi itatu popanda womufunsa kuti uli bwanji, akamva funso limeneli nkhope imamasuka. Mayiyu amadziwa kuti akalowa ngati wofufuza milandu, ulendo wotsatira adzamuuza ali panja kuti agogo agona, ndipo sadzawaonanso.

Pamene pakamwa pakucheza za mvula ndi mtengo wa makala, maso ali pantchito. Kodi pafupi ndi mphasa pali kapu ya madzi imene agogo angaifikire okha? Chitseko cha kachipindako chili ndi loko wakunja? M'mbale yam'mawa mwatsala chiyani? Amapempha kabuku ka kuchipatala n'kuona tsiku limene analandira mankhwala a BP, kenako amathira mapiritsi padzanja n'kuwerenga. Ngati papita masiku makumi awiri koma mapiritsi achoka asanu okha, wadziwa kanthu osafunsa aliyense. Amafunsanso mwaulemu kuti chiphaso cha unzika cha agogo chikusungidwa kuti. Chiyambire kalembera wa mu 2017, kakhadi kameneka ndi kamene kamatsegula zambiri, kuyambira nambala ya foni mpaka thandizo la boma. Amene wasunga chiphaso ndi foni ya agogo, nthawi zambiri ndi amenenso wagwira ndalama zimene ana awo amatumiza kuchokera ku Joni.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi mmene amapezera mpata woti alankhule ndi agogo ali okha. Sanena kuti aliyense atuluke, chifukwa mawu otero ndi mlandu kale. Amangoti, "Tatenthetsani madzi, lero ndiwasambitse ndine, inu mupumuleko." Palibe amene amakana thandizo lotere, ndipo palibe amene amakhala m'chipinda munthu wamkulu akusamba. Chitseko chikatsekeka, dzanja lili ndi kansalu, maso akuona zidendene, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, kumene zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi zimayambira. Akuonanso mikono, ngati pali zipsera za zala. Ndipo m'kati mwa phokoso la madzi, ndi mawu otsika, agogo amayamba kunena zimene sakanazinena pabwalo: kuti nsima imabwera kamodzi, kuti mdzukulu uja anatenga mapepala a puloti, kuti usiku amawatsekera. Beseni la madzi ofunda ndilo ofesi ya mayiyu.

Kumayiko ena ntchito yotereyi ili ndi dzina, ofesi ndi malipiro. Ku America, kuyambira mu 1978 boma lililonse laling'ono limayenera kukhala ndi anthu olandira madandaulo a okalamba okhala m'nyumba zowasamalira, ndipo lamulo la mu 1987 linalemba mwatsatanetsatane ufulu wa okhala m'nyumbazo, kuphatikizapo wakuti asamangidwe kapena kugonetsedwa ndi mankhwala pongofuna kuti asavutitse antchito. Ku South Africa lamulo la okalamba la mu 2006 limafuna kuti nyumba zotere zilembetsedwe ku boma. Abale athu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku England amasimba za mafomu olemba chilichonse, ngakhale ola limene munthu wamutembenuza. Kumeneko woyendera amapeza geti, bwana wa pamalopo ndi mafayilo. Kwathu kuno nyumba zosungirako okalamba n'zowerengeka. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 alionse ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo ali pakhomo pawo kapena m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mwana wawo. Bwana wa pamalopo ndi mwana wobala yekha. Ukamumangitsa, madzulo ake wophika phala ndani? Funso limeneli ndi limene linaumba luso lonse la mayiyu.

Si kuti malamulo sawadziwa. Kumapeto kwa kope lake anawalemba ndi dzanja, m'Chichewa, monga anawamvera ku maphunziro. Pali gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limauza boma kuti lizilemekeza ndi kuthandiza okalamba. Pali lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja, limene anthu ambiri amaliyesa la mwamuna ndi mkazi okha pamene limafikanso kwa kholo lokhala pakhomo pomwepo. Pali la mu 2011 la chuma cha masiye, limene linaika kulanda katundu wa womwalira pa mndandanda wa milandu. Ndipo pali latsopano, lamulo la anthu okalamba limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024, patapita zaka zisanu ndi zitatu chikhazikitsireni ndondomeko ya boma ya okalamba ya mu 2016. Mgwirizano wa mabungwe a okalamba wa MANEPO, motsogozedwa ndi a Andrew Kavala, unalimenyera nkhondo lamulo limeneli kwa zaka, ukuwerenga ndi kulengeza imfa za okalamba ophedwa powaganizira ufiti kuti dziko lisamayese kuti ndi nkhani ya apo ndi apo. Zonsezi mayiyu ali nazo. Nzeru yake ili pa kudziwa nthawi yozitulutsa m'chikwama.

Ndinaona zimenezi tsiku lina m'mamawa, pafupi ndi pamalo potungira madzi. Anthu anapeza agogo ena ataima okha, ali ndi kamalaya kam'kati kokha, mapazi ali fumbi, sakudziwa kumene achokera ngakhale kumene akupita. Mawu anayamba kuyenda m'khamu monga amayendera: agwa pa lichero, mafuta awathera m'njira. Anyamata ena anali atatola kale miyala. Aliyense amene anamva za ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphezi itapha mtsikana wa zaka 17, amadziwa kuti pakati pa mawu oterewa ndi maliro pamakhala mphindi zochepa.

Mayiyu sanakuwe. Anadutsa m'khamulo osathamanga, anamasula chitenje chimene anavala pamwamba pa diresi, n'kuwafunditsa agogowo. Anawatchula ndi mfunda wawo, mokweza kuti onse amve, n'kuwakhazika pa chidebe chovundikira. Munthu wovala, wokhala pansi, amene ali ndi dzina ndi mtundu, ndi wovuta kumugenda. Kenako sanalankhule ndi khamu. Anasankha nkhope imodzi imodzi. Kwa bambo wina anati, "Achimwene, si awa ankagulitsa zitumbuwa pa sukulu paja inu muli mwana?" Mnyamata amene anali ndi mwala waukulu ndi amene anamutuma kuti athamange akaitane amfumu, ndipo kuti athamange bwino mwala uja anausiya. Mtsikana wina anamutuma madzi akumwa. Khamu linayamba kusanduka anthu odziwana, aliyense ndi kantchito kake.

Atatero m'pamene anafotokoza za matendawo. Ananena kuti monga maso amachita khungu ndi mawondo kuuma, ubongo nawonso umakalamba, ndipo kwa ena umadwala matenda amene achipatala amati dementia. Munthu amaiwala njira ya kwawo, amadzuka usiku kufuna kupita kumunda umene anausiya zaka makumi atatu zapitazo, amavula osadziwa kuti ali pagulu, ndipo ukamufunsa ndi ukali kuti kodi ndiwe mfiti, akhoza kuvomera chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka. Sanatsutsane ndi aliyense pa nkhani yoti ufiti ulipo kapena kulibe. Mtsutso umenewo sutha m'mawa umodzi, ndipo agogowo analibe nthawi youdikira. Lamulo analitulutsa pomalizira penipeni, amfumu atafika, ndi mawu abata: kuti lamulo la ufiti la mu 1911 likugwirabe ntchito, ndipo mwa lamulolo wolakwa ndi amene watchula mnzake kuti mfiti. Pamenepo ena anakumbukira kuti asiya madzi pamoto.

Zimene anachita m'mawa umenewo zikugwirizana ndi zimene ofufuza analemba. Kafukufuku wa a Charles Chilimampunga a ku Chancellor College ndi a George Thindwa, amene anakhala zaka akuyendera okalamba otsekeredwa m'ndende pa nkhani za ufiti, anaonetsa kuti chala chimaloza kwambiri amayi okalamba. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zimandiwawa kuti masiku ano moto ukuyatsidwa m'dambo momwemo.

Kalembedwe kake nakonso n'kophunzirapo. M'kope lija simupeza mawu akuti "akuzunzidwa" kapena "ana awo ndi oipa". Mumapeza tsiku, ola, ndi zimene maso aona: chilonda kudzanja lamanja la chiuno, kukula ngati chitsekerero cha botolo, chikutuluka madzi, mapiritsi otsala 25, loko kunja kwa chitseko. Mawu a agogo amawalemba monga atulukira. Sabata yotsatira amayezanso chilonda chija ndi chitsekerero chomwecho. Tsiku limene nkhani yafika poti ipite kwa a zosamalira anthu, ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena ku Legal Aid Bureau kumene osauka amapeza loya waulere, kope lija limalankhula zinthu zovuta kuzikana. A Paralegal Advisory Service, amene anayamba mu 2000 kuyendera akaidi m'ndende, anaonetsa kale dziko lino kuti munthu wosakhala loya, wodziwa malamulo ochepa bwinobwino ndi wolemba mosamala, amasuntha milandu. Mayiyu akaona kuti vuto ndi ululu, monga wa khansa, amadziwa za Tiyanjane ku Queens, kumene kuyambira mu 2003 akhala akuthandiza odwala matenda osachiritsika kuti asafe akubuula. Ndipo satumiza munthu ndi kapepala kokha. Amakwera nawo minibasi.

Pali chinthu chimodzi chimene poyamba sindinkagwirizana nacho. Agogo ena, mwana wawo atagulitsa theka la puloti iwo osadziwa, anakana kwamtuwagalu kuti nkhani ipite ku polisi. Mayiyu anali ndi umboni wokwanira, koma sanapite. Anawafunsa chimene iwowo akufuna. Anayankha kuti akufuna kufera m'nyumba yawo, ndiponso kuti mwana wawoyo azibwerabe kudzawaona. Ndiye anaitanitsa mwinimbumba kuchokera kumudzi, anakhala pansi ndi amfumu ndi mkulu wa mpingo, ndipo panalembedwa pepala, mboni zitasaina, kuti nyumba ndi malo otsalawo sizigulitsidwa agogowo ali moyo. Mwana uja anauzidwa pamaso pa onse chimene lamulo limanena, kuti adziwe kuti khomo la kubwalo la milandu silinatsekedwe. Ine mtima unkafuna chilango. Koma ndinazindikira kuti woimira munthu wokalamba akayamba kumusankhira zochita, wamulanda chomwe chija anabwera kudzateteza. Malire ake ali pamodzi pokha: pamene pali kumenya, njala yadala kapena chiopsezo cha imfa, sadikira chilolezo cha banja.

Nkhanza zambiri zimene amakumana nazo muzu wake ndi umphawi, ndipo apa luso lokha silikwanira. Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, osati wokalamba aliyense. Lesotho inayamba kupereka penshoni kwa a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, Zanzibar mu 2016. Agogo amene amalandira kandalama kawo mwezi ndi mwezi saonedwa ngati kamwa yongoonjezera pa mbale. Ndikufuna kuona tsiku limene lamulo la mu 2024 lidzafike ku Nancholi ngati ndalama m'manja mwa agogo ndi magolovesi m'chikwama cha mayiyu, chifukwa pakali pano sopo amagula ndi ndalama za mandasi ake.

Sabata yatha ndinamupeza akuphunzitsa mtsikana wa Fomu 2 kutembenuza agogo ake. Anamuonetsa kupinda bondo lakutali, kuika dzanja limodzi paphewa lina pachiuno, n'kuwakokera kwa iye m'malo mowakankha, kenako kulowetsa chitenje chopindapinda pakati pa mawondo kuti mafupa asakhulane. Anamuuza kuti azichita zimenezi pakapita maola awiri alionse masana, ndiponso kuti asanawagwire aziyamba wawauza chimene akufuna kuchita, ngakhale zikuoneka ngati sakumva. Mtsikanayo anayesa kawiri, kachitatu zinatheka. Mayiyu analemba tsiku m'kope, anagwada n'kutsanzika agogo kuti adzabweranso Lachinayi, anatenga chikwama chake n'kulowera kunjira ya kumtunda, kumene kunali makomo ena awiri dzuwa lisanafike pamutu.