Cithunzi ca Mkazi m'Mabuku Awiri a ku Nigeria

Buku la Chinua Achebe lakuti Things Fall Apart linasindikizidwa ku London m'caka ca 1958. Likamba za Okonkwo, munthu wamphamvu wa ku Umuofia m'dziko la Aigbo, ndi za kugwa kwace atafika Azungu. Koma munthuyu anali ndi akazi atatu ndi ana aakazi, ndipo wophunzira uphunzitsi, amene mawa adzasankhira ana nthano ndi kuwapekera zina, ayenera kufunsa kuti akaziwo aoneka bwanji m'bukumo. Muyeso wabwino pa nkhani iyi suli pa kuona ngati mkazi atamandidwa kapena azunzika, koma ngati mlembi alola wowerenga kumva za mumtima mwa mkaziyo.

Mlandu woyamba umene openda mabuku ena amnenera Achebe ndi wa dzina. Mkazi wamkulu wa Okonkwo satchulidwa dzina m'buku lonse. Angoitanidwa mace wa Nwoye. Mcewa sangafulumire kubvomereza mlandu umenewu, pakuti kwao kuitana mai ndi dzina la mwana wace ndi ulemu, ndipo womtchula dzina la paubwana ndiye wamwano. Cosowa ceniceni ndico mau ace. Maiyu anasunga mnyamata Ikemefuna zaka zitatu m'nyumba mwace monga mwana wobala yekha. Pakumva kuti mnyamatayo acotsedwa, anagwetsa munsi, napinda manja pacifuwa, nausa moyo. Zace zathera pomwepo. Ataphedwa mnyamatayo, buku litsata Okonkwo amene anakhala masiku awiri osadya, litsatanso cisoni ca Nwoye, koma m'nyumba ya mai amene anamlera silibwereramo.

Comweconso ndi Ojiugo, mkazi wamng'ono. Iye anapita kwa mnzace kukaluka tsitsi nacedwa kuphika, ndipo Okonkwo anampanda m'sabata yopatulika imene munthu saloledwa kucita ndeu. Wansembe anamlipitsa mbuzi yaikazi, nkhuku, nsaru ndi zigoba 100 zimene zinali ndalama zao. Dipo lonseli linapita kwa Ani, mzimu wamkazi wa nthaka, cifukwa colakwa cinali kuipsa sabata, si kupweteka munthu iai. Pano wowerenga asasokoneze maso a Okonkwo ndi maso a mlembi. Achebe aonetsa poyera kuti nkhanza za munthuyu zinacokera m'mantha, pakuti anaopa kufanana ndi atate wace Unoka, amene anamnyoza ndi liu lakuti agbala, ndilo liu lotanthauza mkazi ndiponso mwamuna wopanda ulemu wa pabwalo. Komabe za mumtima mwa Ojiugo palibe cinenedwa.

Pamene luso la Achebe lifika pacimace ndi pa Ekwefi, mkazi waciwiri. Uyu ndiye munthu wathunthu. Anathawa mwamuna wace woyamba nadza yekha kwa Okonkwo. Atapandidwa cifukwa ca masamba a nthoci amene anadula kuti akulungire cakudya, anang'ung'udza mau onyoza mfuti ya mwamuna wace, ndipo pang'ono akadafa nayo. Anabala ana khumi, asanu ndi anai nafa ali makanda, kotero kuti maina amene anawapatsa anasanduka madandaulo kwa imfa, monga umo amai a kuno atchera ana ao Maliro kapena Manda. Mwana wotsala yekhayo, Ezinma, aitana mai wace ndi dzina, ndipo awiriwo adya mazira mobisa m'kacipinda ngati anthu amsinkhu umodzi. Usiku wina Chielo, mkazi wamasiye amene masana ali bwenzi la Ekwefi kumsika, agwidwa ndi mzimu wa Agbala nabwebweta, nabereka Ezinma kunka naye kuphanga. Okonkwo ayesa kudandaula, koma adzudzulidwa natonthola. Ekwefi ndiye aturuka mumdima natsata pambuyo usiku wonse, wopanda nyali kapena mkondo, atatsimikiza mumtima kuti akamva mwana akulira adzalowa m'phangamo ngakhale mizimu ikane. M'buku lodzala ndi kutama ngwazi, kulimba mtima koposa kuli pa mai ameneyu, ndipo nkoyenera kuzindikira kuti pano mlembi walowa m'maganizo a mkazi nakhalamo nthawi. Cacisoni ncakuti Azungu atafika Ekwefi angotsala pang'ono kuzimirira m'nkhani, ngati kuti kupasuka kwa mudzi kunagwera amuna okha.

Pali gawo lina limene likondweretsa wowerenga wa mtundu wotsata mbumba. Okonkwo atapha mwana mwangozi, apitikitsidwa zaka zisanu ndi ziwiri nathawira ku Mbanta, kwao kwa mai wace. Kumeneko atsibweni ace, a Uchendu, amlangiza kuti munthu akhala kwa atate pa mtendere, koma pa tsoka athawira kwa mai. Mau ngokoma ndithu, ndipo ambiri awatenga ngati umboni wakuti bukuli lilemekeza akazi. Koma wolankhulayo ndi mwamuna, ndipo mai wotamandidwayo ali m'manda. Samveka ngakhale liu limodzi. Kutama umai kotere nkosabvuta, cifukwa wotamidwayo sangayankhe.

Yankho linadza m'caka ca 1966, pamene Flora Nwapa wa ku Oguta, amene anagwirapo nchito ya uphunzitsi, anaturutsa buku lakuti Efuru. Linaturuka mu African Writers Series, mndandanda wa mabuku umene Achebe yemweyo anali mlangizi wace, ndipo ici nca ulemu kwa iye. Anthu ace ndi Aigbo omwewo, koma wowerenga aima pakhomo lina. Efuru adzisankhira mwamuna, Adizua, napita kwa iye malowolo asanaperekedwe, ndipo ndalama za malowolowo azipeza ndi malonda amene iye ali katswiri wace. Mwamunayo amthawa, mwana wao mmodzi yekhayo, Ogonim, amwalira, ndipo atate wace safika ndi pamaliro pomwe. Ukwati waciwiri ndi Gilbert nawo utha pamene mwamunayo akhulupirira bodza lakuti matenda a Efuru adza cifukwa ca cigololo. Pomwepo Ajanupu, mbale wa apongozi ace oyamba, amkantha Gilbert pamutu ndi munsi. Munsi umene unagwa m'manja mwa mace wa Nwoye wapeza nchito yina.

Bukuli lili ndi zofooka zace. Nkhani iyenda pang'onopang'ono, amuna ace ngopyapyala ngati zithunzi za pakhoma, ndipo m'kapangidwe silifika pa la Achebe. Ena analipeputsa kuti langodzala ndi maceza a akazi. Koma macezawo ndiwo cuma cace. Kumsika, kudooko, pa matenda ndi pa maliro, akazi alangizana, anenana miseche, abwerekana ndalama, aweruza maukwati a anzao. Ndipo wowerenga aona kuti mudzi uli ndi bwalo laciwiri limene buku loyamba lija linangolipenyera patali. Akazi a Nwapa si angelo: ena a iwo ndiwo ayamba kutonza mnzao wosabala, ndipo mdulidwe wa atsikana aukamba ngati cinthu wamba, mlembi osautsutsa.

Potsiriza Efuru abwerera kunyumba ya atate wace, wopanda mwamuna ndi mwana, koma wolemera ndi wolemekezeka, natumikira Uhamiri, mzimu wamkazi wa m'nyanja. Uhamiri apatsa akazi cuma ndi kukongola, koma iye mwini alibe mwana. Nwapa atseka buku ndi funso lakuti nanga akazi ampembedzeranji mzimu wotere, ndipo saliyankha.