Rock Inapeza Ntchito ku Harare

Ena amati rock ndi phokoso chabe la ana osamva. Iwowa akumbukire za pa 7 Okutobala 1988, pamene bungwe la Amnesty International linabweretsa Bruce Springsteen, Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman ndi Youssou N'Dour ku Harare. Achinyamata miyandamiyanda a ku South Africa, ambiri mwa iwo azungu, anaoloka Limpopo poti oimbawa ankakana kukaimba m'dziko latsankholo. Mumzinda wachilendowo anavinira limodzi ndi anthu akuda, pomwe kwawo lamulo linkawalekanitsa.

Kunena zoona, gitala imodzi ya Chapman inalasa mtima kuposa chiphokoso cha Springsteen. Komabe chinakometsa usikuwo ndi ulendowo. Nyimbo yoivutikira pamsewu, abale, munthu saimvera ngati ya pa wailesi.