Luso la Bere m'Makomboni a Lusaka

Mayi wodziwa kuyamwitsa amadziwika ndi chibwano cha mwana wake. Chibwanocho chimagunda bere, kukamwa kuli yasa, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, ndipo mwanayo sanyambita nsonga yokha, wavumata ndi pakuda pozungulira pomwe. Mayi wotere, kaya ali pa mulu wa tomato ku msika wa Soweto kapena pa mzere wa sikelo ku Kanyama, sapupuluma kusintha bere. Amadikira loyambalo lifewe.

Kudikirako n'kwanzeru. Mkaka woyambirira kutuluka umakhala wamadzimadzi, ndipo mafuta amanka nachuluka bere likamapepuka. Mafuta amenewa ndiwo amapereka pafupifupi theka la mphamvu zonse za mumkaka. Pa magalamu 100 alionse, pafupifupi 87 ndi madzi, 7 ndi shuga wa lactose, 4 ndi mafuta, ndipo mapuloteni ndi galamu imodzi yokha. Mkaka wa ng'ombe uli ndi mapuloteni oposa magalamu 3, okwanira kukuza thole msanga koma olemetsa impso za khanda.

Madzi 87 aja ndi nkhani yaikulu ku Kanyama, kumene zitsime zosazama zimayandikana ndi zimbudzi zokumba, ndipo dzinja likafika zonse zimasakanikirana. Kolera inavuta kumeneko mu 2017 ndi 2018, inabweranso mu 2023, mpaka mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, agogo amati, "Mwanayu ali ndi ludzu, mpatseniko timadzi." Amanena mwachikondi, koma mayi wokana mwaulemu n'kungomuika mwana kubere ndiye walondola. Mpaka miyezi 6, bere limakwanira ludzu ndi njala yomwe.

Chimene ine chimandigometsa ndi chakuti bere limagwira ntchito ngati telala, limasokera mwana wake molingana ndi kumene akukhala. Mayi akameza tizilombo ta m'madzi kapena m'chakudya, maselo a chitetezo a m'matumbo mwake amatizindikira, ena amasamukira kumawere, n'kumapanga asilikali otchedwa IgA olimbana ndi tizilombo tomweto. Choncho mkaka wa mayi wa ku komboni ya George umadziwa matenda a ku George. Asilikaliwa amachuluka koposa mu mkaka wachikasu wa masiku oyamba, uja ena ankaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa. Umatuluka wochepa, timadontho chabe, koma kamimba ka khanda la tsiku limodzi nakonso n'kakang'ono.

Mulinso mashuga ena a mitundu yoposa 100, otchedwa oligosaccharides, amene mwana sagaya n'komwe. Thupi la mayi limawononga mphamvu kuwapanga, komabe si chakudya cha mwanayo. Amadyetsa mabakiteriya abwino a mtundu wa Bifidobacterium m'matumbo mwake, komanso amapusitsa tizilombo toipa: timakakamira pa mashugawo m'malo mwa khoma la matumbo, n'kutuluka ndi chimbudzi.

Zina mwa zimene dziko limadziwa pa mashuga amenewa zinachokera m'makomboni momwemuno. Pakati pa 2001 ndi 2004, amayi 958 okhala ndi kachilombo ka HIV analowa m'kafukufuku wa Zambia Exclusive Breastfeeding Study kudzera m'makiliniki a George ndi Chawama. Panthawiyo anthu ambiri ankakhulupirira kuti kuletsa mwana kuyamwa msanga kungamupulumutse. Theka la amayiwo linalangizidwa kusiyitsa bere mwadzidzidzi mwana akakwana miyezi 4, enawo anapitiriza. Zotsatira zitatuluka mu 2008 mu New England Journal of Medicine, zinaonetsa kuti kuletsa msangako sikunachulukitse ana okhala moyo opanda kachilombo, ndipo ana amene anali nako kale anamwalira ambiri atachotsedwa kubere.

Mkaka umene amayiwo ankafinya unasungidwa m'mafiriji kwa zaka. Mu 2012 Lars Bode, Louise Kuhn ndi anzawo anaupima, napeza kuti amayi amene mkaka wawo unali ndi mashuga aja ochuluka sankapatsira ana awo kachilomboko kawirikawiri monga anzawo. Lero mayi wa kachilombo akapita ku kiliniki ya Chawama amauzidwa kumwa ma ARV mosadumphitsa, kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kuyambitsa phala bere likupitirira.