Liwu la "Disturb" ndi Kamasuliridwe Kake m'Chinyanja cha mu Lusaka

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika chizolowezi chomasulira liwu lachingerezi la "disturb" ndi mneni umodzi wokha, "kusokoneza". Chizolowezichi chimaphimba mbali ina ya tanthauzo la liwuli, ndipo ophunzira ndiwo amaluza.

Liwuli linachokera ku mneni wachilatini "disturbare", umene muzu wake ndi "turba", kutanthauza chipwirikiti cha khamu la anthu. M'Chingerezi lili ndi matanthauzo awiri akuluakulu. Loyamba ndi kudukiza munthu pa zimene akuchita. Lachiwiri ndi kumusowetsa mtendere wa mumtima.

Chinyanja cha mu Lusaka chinabwereka liwuli, koma kwenikweni pa tanthauzo loyamba. Wogulitsa pa msika wa Kabwata akamawerenga ndalama, kapena kondakitala wa minibasi yopita ku Chelstone akamabweza chenje, amatha kunena kuti "osanidistaba". Apa liwuli lalandira mphatikiram'mbuyo wa pamtherankhani "-ni-", womwe m'Chichewa cholembedwa ndi "-ndi-", ndipo lathera ndi "-a" monga aneni ena ambiri. Lakhazikika bwino m'galamala, koma lachepa tanthauzo.

Vuto limaonekera m'kalasi. Wophunzira akapatsidwa mawu akuti "disturbing news", kawirikawiri amalemba kuti "nkhani yosokoneza". Komatu nkhani yosokoneza ndi imene mutu wake sukumveka, pamene uthenga wa maliro kapena wa ngozi umamveka bwino lomwe, n'chifukwa chake umapweteka. Kumasulira koyenera ndi "nkhani yodetsa nkhawa" kapena "yosautsa mtima". Ngakhale mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, amene kwawo amalankhula Chingerezi, angamve tanthauzo lachiwirili koma n'kusowa liwu lachinyanja lolifotokozera.

Chinyanja sichisowa mawu. "Kudetsa nkhawa" kumaloza za m'tsogolo. "Kusautsa" kumanena za vuto lopitirira. "Kudodometsa" kumakhudza chinthu chosayembekezeka. "Kusowetsa mtendere" kumaphatikiza thupi ndi mtima. Aneni ambiri mwa amenewa ali mu kachititsi, kusonyeza kuti pali chinthu chimene chikuchititsa munthu kumva choncho.

Motero mphunzitsi asakhutire ndi mndandanda wa liwu limodzi pa liwu limodzi. Aphunzitse liwuli m'ziganizo, ndipo afunse ophunzira kuti: chadukizidwa ndi ntchito kapena ndi mtendere wa mumtima? Yankho la funso limeneli ndilo lisankhe mneni.